Holide ya mliri ku Indiana: momwe sukulu yathu inakhalira pafupi ndi mabanja a ana a giredi 6 mpaka 8

Ndimagwira ntchito pa sukulu ina ya boma kumpoto kwa chigawo cha Indiana ku America, monga mkhalapakati wa sukulu ndi makolo, makamaka makolo ochokera m'maiko ena omwe Chingerezi chimawavuta. Lipoti ili likufotokoza zomwe tinachita pa holide yaikulu ya chaka cha 2020, kuyambira kumapeto kwa May mpaka mu August. Ndalilembera aphunzitsi anzanga kumudzi ndi makolo a Chimalawi omwe ali ndi ana m'sukulu za kuno. Mayina a sukulu ndi a mabanja ndawasiya dala.

Sukulu yathu ndi ya mtundu womwe kuno amautcha middle school: giredi 6, 7 ndi 8, ana a zaka 11 mpaka 14, msinkhu wa omwe kwathu amakhala akumaliza pulayimale kapena angolowa Fomu 1. Chaka cha sukulu chimatha nyengo yotentha ikamayamba, ndipo ana amapuma miyezi iwiri ndi masabata angapo.

Chiyambi cha vuto

Pa 19 March 2020, bwanamkubwa wa Indiana, a Eric Holcomb, analamula kuti sukulu zonse zikhale zotseka mpaka pa 1 May chifukwa cha Covid-19. Pa 2 April analengezanso kuti ana sabwereranso m'kalasi mpaka chaka cha sukulu chithe. Ndiye kuti pofika tsiku lotsekera, ana athu anali atakhala kale pakhomo miyezi yoposa iwiri, ena akuphunzira pa intaneti, ena osaphunzira n'komwe. Holide ikanayenda mwa nthawi zonse, sukulu ndi nyumba zikanasiyaniratu kulankhulana. Aphunzitsi sagwira ntchito pa holide, maphunziro a pa intaneti anali ataima, ndipo malo omwe ana amatayirako nthawi zaka zina, monga laibulale, maiwe osambiramo, masewera a mpira ndi misasa ya kutchalitchi, anali otseka kapena olandira ana owerengeka.

Ana a msinkhu uwu ndi amene amasowa anthu osadziwa. Mwana wa zaka 6 aliyense amafunsa kuti asiyidwa ndi ndani. Wa zaka 16 amakagwira ganyu m'sitolo. Wa zaka 12 amati wakula, atha kutsala yekha, ndipo akamamusiya amamusiyiranso azing'ono ake. Makolo ambiri a ana athu sakanatha kugwirira ntchito kunyumba. Amasamalira okalamba m'nyumba zosungira okalamba, amachapa m'zipatala, amalongedza katundu m'mafakitale, ena amadula nyama. Matendawa anagwa kwambiri m'malo ngati amenewa. Ku Logansport fakitale yaikulu ya nyama ya nkhumba inatsekedwa kwa kanthawi mu April antchito mazanamazana atapezeka ndi kachilomboka. Kholo likamachoka usiku kupita ku shifiti n'kubwera m'mawa kudzagona, woyendetsa nyumba amakhala mwana wathu wa giredi 7.

Banja lililonse munthu wake

Lamulo la boma la America lothandiza pa mliri lotchedwa CARES, lomwe linasainidwa pa 27 March, linapatula madola pafupifupi 13 biliyoni othandizira sukulu za pulayimale ndi sekondale m'dziko lonse. Pa gawo lomwe linafika m'dera lathu, ahedi anapempha ndalama zolipirira kagulu kochepa kuti kagwire ntchito pa holide: alangizi a ana, namwino wa pasukulu, mayi wa zachisamaliro cha mabanja, aphunzitsi angapo ndi ine. Azimayi a kukhitchini ndi oyendetsa mabasi anali kale pa ntchito yogawa chakudya.

Tinagwirizana chinthu chimodzi chomwe ndikuona kuti ndicho chinanyamula ntchito yonse: banja lililonse likhale ndi munthu wake mmodzi, yemweyo kuyambira June mpaka August. Sitinagawe mabanja potengera makalasi. Tinayang'ana chilankhulo cha pakhomo, komanso ngati pali wina mwa ife yemwe banjalo limamudziwa kale. Tinayambira ana omwe anali asanamvekepo chitsekereni sukulu.

Masabata oyamba anathera pa kufufuza manambala a foni. Ambiri olembedwa m'kaundula wa sukulu anali atafa, chifukwa mabanja osauka amagwiritsa ntchito mafoni olipiriratu, ndipo ndalama zikavuta foni ndiyo imayamba kudulidwa. Sukulu ili ndi makina oimbira makolo onse nthawi imodzi ndi kutumiza imelo, koma amalankhula Chingerezi, ndipo kholo lomwe lili ndi ngongole kapena nkhawa ya mapepala siliyankha nambala yachilendo. Amene anatithandiza ndi oyendetsa mabasi, omwe amadziwa khomo lomwe mwana aliyense amatulukira, abusa, shehe wa pa mzikiti wapafupi, ndi eni timasitolo togulitsa ufa, nyemba ndi nsomba zouma. Nthawi zambiri nambala yodulidwa inkagwirabe ntchito pa WhatsApp munthu akafika pa malo a intaneti. Kwa makolo osatha kuwerenga, meseji ya mawu inaposa kalata iliyonse yomwe sukulu inalembapo.

Tikalipeza kholo, tinkafunsa tsiku ndi nthawi yoti tiziimba, n'kumasunga nthawiyo. Mayi wogwira usiku ukamuimbira 10 koloko m'mawa wamudula tulo, ndipo ulendo wina sadzayankha. Pa foni sitinkayamba ndi za maphunziro. Tinkapereka moni, kufunsa za moyo wa pakhomo, za chakudya, za lendi ndi magetsi, ndi momwe mwana akuthera tsiku lake. Anzanga ena poyamba ankaona ngati moni wautali ndi kutaya nthawi, koma kholo lochokera ku Africa kapena ku Guatemala silingakuuze kuti ufa watha usanalifunse kuti ladzuka bwanji. Tinkalemba zochepa m'kaundula wathu, ndipo za mapepala okhalira m'dziko sitinkafunsa kapena kulemba. Khoti Lalikulu la America linagamula kale mu 1982, pa mlandu wa Plyler ndi Doe, kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wa sukulu ya boma posatengera mapepala a makolo ake. Tinapanganso kuti chilichonse chomwe kholo lafunsa, yankho lake libwere pa foni yotsatira, ngakhale yankholo likhale loti sizitheka. Makolo amapirira kukanizidwa, koma kuiwalidwa sapirira.

Chakudya ndi mantha

Ana ambiri a pasukulu yathu amadya chakudya cham'mawa ndi chamasana kusukulu mwaulere kapena pa mtengo wotsika. Zaka zonse pa holide pamakhala pologalamu ya chakudya cha ana osapitirira zaka 18, koma lamulo lake linali loti mwana adyere pomwepo. Mu 2020 unduna wa zaulimi wa dziko lino unafewetsa lamuloli: chakudya chinkatengedwa kupita kunyumba, cha masiku angapo nthawi imodzi, ndipo kholo linkaloledwa kukatenga popanda mwana. Ife tinapempha kuti mabasi aziima pafupi ndi midadada ya nyumba za lendi komwe mabanja opanda galimoto amakhala, ndipo mmodzi wa ife azikwera nawo. Pa basi paja ndi pomwe tinkaonera ana ndi maso. Mwana woonda, wa maso atulo, kapena wosabwera sabata ziwiri zotsatizana, dzina lake linkapita kwa munthu wa banja lake tsiku lomwelo.

Panalinso thandizo lotchedwa P-EBT, lochokera mu lamulo la pa 18 March. Boma linkabwezera mabanja mtengo wa chakudya chomwe mwana akanadya kusukulu, madola 5.70 pa tsiku lililonse lomwe sukulu inali yotseka, kudzera pa khadi yogulira zakudya m'sitolo. Mwana mmodzi ankapeza madola oposa 300. Mabanja omwe analibe kale khadi yotere ankailandira pa positi, ku adiresi yolembedwa kusukulu. Amene anasamuka sanailandire. Ena anataya envulopu poyesa ndi zotsatsa malonda. Ena anailandira n'kuibisa chifukwa cha mantha.

Manthawo anali ndi pochokera. Pa 24 February chaka chomwecho panayamba kugwira ntchito lamulo loti wopempha chilolezo chokhazikika atha kukanizidwa ngati akuoneka kuti azidalira thandizo la boma. Chakudya cha kusukulu ndi P-EBT sizinali m'gulu la zowerengeredwa, ndipo othawa kwawo lamuloli silinkawakhudza, koma mphekesera inali itafika kale khomo lililonse. Kufotokoza kamodzi sikunkakwanira. Bambo wina anandifunsa funso lomweli pa mafoni otsatizana, kenako ananena kuti, "Aphunzitsi, inuyo mukanakhala ine mukanaigwiritsa ntchito?" Nditawayankha kuti inde, ndipo ndi chakudya cha mwana wawo chomwe chinali chake kale, anapita kusitolo. Mabanja ngati amenewa ndi omwenso ambiri sanalandire madola 1,200 omwe boma linagawira akuluakulu, chifukwa ndalamazo zinkafuna nambala ya Social Security, yomwe boma limapereka kwa nzika ndi ololedwa kugwira ntchito, ndipo banja lolipira msonkho pamodzi linkamanidwa lonse ngati mmodzi analibe.

Nkhani ya banja limodzi

Mtsikana wina wa zaka 13, yemwe anali kumaliza giredi 7, anasiya kulowa m'maphunziro a pa intaneti mu April. Anali mwana wakhama, ndipo aphunzitsi ake anadabwa. Amayi ake ndi ochokera ku Congo, koma banjali linakhala zaka zambiri ku Dzaleka m'boma la Dowa lisanabwere kuno. Anawo amalankhula Chiswahili ndi amayi awo, Chichewa akakhala okhaokha, ndipo n'chifukwa chake banjali linagwera kwa ine.

Foni inali yodulidwa, choncho ndinapita kunyumba masana, n'kuima panja ndi masiki, patali ndi chitseko. Anatsegula ndi mtsikanayo, mng'ono wake ali kumbuyo pa chitenje, wina atamugwira siketi. Amayi anali mtulo atachokera ku shifiti ya usiku. Nditamufunsa za khadi ya chakudya, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jumbo yodzaza makalata. Ndiye ankawerenga makalata onse a pakhomopo, kumasulira amayi ake kuchipatala, ndi kuyankha mafoni a Chingerezi. Envulopu ya khadi inali momwemo, yosatsegula. Pansi pa jumbo panali kalata ya eni nyumba yokumbutsa za lendi, yopindidwa kangapo.

"Anti, iyi musawauze amayi," anatero motsitsa mawu. "Akudwala mutu kale. Ndikufuna ndipeze kaye chochita."

"Mwanawe, kalata iyi si yako," ndinamuyankha. "Wachita bwino kuisunga. Tsopano ndi ya ine ndi amayi ako. Amadzuka nthawi yanji?"

Ndinabweranso madzulo n'kukhala ndi amayiwo pa masitepe a panja. Anali atadwala mu April, n'kukhala masabata osalipidwa, ndipo ankadziwa kuti lendi yatsalira koma sankadziwa kuti kwabwera kalata. Ndinawafotokozera kuti bwanamkubwa anali ataimitsa kutulutsa anthu m'nyumba chifukwa cha lendi, koma kuti ngongoleyo ikuwunjikana ndipo tsiku lina idzafunidwa. Mu July boma la Indiana litatsegula thandizo la lendi, la madola osapitirira 500 pa mwezi kwa miyezi inayi, tinalembera limodzi pa foni yanga. Ndalamazo zinkapita kwa eni nyumba mwachindunji ndipo zinkafuna kuti iwo avomere, choncho mayi wa zachisamaliro cha mabanja ndi amene anawaimbira. Anavomera.

Za mtsikanayo tinakonza zinthu zing'onozing'ono. Makalata onse amayi aziwajambula pa foni n'kunditumizira. Kuchipatala azipempha womasulira. Mayi wina wa kutchalitchi kwawo, wokhala mdadada womwewo, anavomera kutenga ana awiri aang'ono masana ena pa sabata kuti mtsikanayo apume ndi kuwerenga. Mlangizi wa ana anayamba kucheza naye, ndipo zinadziwika kuti chitsekereni sukulu sankagona bwino, ankadzuka usiku kukaona ngati chitseko ndi chokhoma. Mu August analembetsa giredi 8.

Nkhani iyi ndaifotokoza motalika chifukwa sinali ya banja limodzi. Sukulu zimakonda kutuma mwana: uwauze amayi ako izi, uwawerengere kalata iyi. Ndi njira yachidule, koma imamusenzetsa mwana wa zaka 12 nkhawa za lendi, za matenda ndi za mapepala, ndipo imalichotsa kholo pa udindo wake. Malamulo a dziko lino sagwirizana nazo. Lamulo la ufulu wachibadwidwe la mu 1964 limakakamiza sukulu kulankhula ndi makolo m'chilankhulo chomwe amamva, ndipo malangizo omwe unduna wa zamaphunziro ndi wa zachilungamo anatulutsa mu January 2015 ankanena poyera kuti sukulu zisamadalire ana kukhala omasulira. Makolo anzanga omwe muli kuno, womasulira ndi ufulu wanu ndipo salipiritsa. Mufunseni.

Ana eni ake

Tinawasiyira ana makompyuta a sukulu otchedwa Chromebook pa holide, ndipo nyumba zopanda intaneti tinazipatsa timakina tolumikizira. Zinathandiza, koma sindikuona kuti ndizo zinasunga ana. Kompyuta yopanda munthu wodikira mbali inayo imangothera pa makatuni a azing'ono.

Chomwe ana anachikonda ndi timagulu tating'ono tokumana pa intaneti kamodzi pa sabata, mphunzitsi mmodzi ndi ana ochepa, popanda mayeso kapena malikisi. Ena ankajambula, ena ankawerenga buku limodzi, ena ankangocheza za mpira. Kamera sitinkakakamiza. Mwana wa msinkhu uwu salola kuti anzake aone chipinda chomwe amagonamo anthu asanu, ndipo ukamukakamiza sabweranso. Ambiri sankafuna kulankhula; ankalemba. Mphunzitsi akamalemberana ndi mwana, ankagwiritsa ntchito njira za sukulu zomwe wamkulu wina atha kuona, pofuna kuteteza onse awiri. M'matumba a chakudya tinkaikamo mabuku, makope ndi makalata olembedwa pamanja ndi aphunzitsi awo, otchula mwanayo dzina ndi kanthu komwe mphunzitsi akukakumbukira za iye.

A George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis pa 25 May, ana athu anaonera kanemayo pa mafoni ali okha m'nyumba. Anyamata achikuda a giredi 8, ena atatalika kale kuposa abambo awo, anafunsa mafunso omwe makolo obadwira ku Africa sanakule akuwayankha. Alangizi anapatula nthawi yokambirana zimenezi, ndipo makolo angapo anapempha kuti nawonso athandizidwe poyambira. Ndimayamikira ahedi athu kuti sanaletse zokambiranazi poopa ndale.

Chitetezo cha ana ndi nkhani yomwe tinaiika poyera kuyambira foni yoyamba. Ku Indiana munthu aliyense ali ndi udindo wokanena ku boma akakayikira kuti mwana akuzunzidwa kapena kutayiriridwa, ndipo sukulu zitatsekedwa malipoti otere anatsika m'dziko lonse chifukwa aphunzitsi sankawaonanso ana. Mabanja obwera amaopa kwambiri kulandidwa ana, choncho tinkawauziratu malire athu: nkhanza tidzanena, koma umphawi si mlandu. Malamulo a Indiana satchula zaka zenizeni zoti mwana atsale yekha pakhomo. Komwe mwana wamkulu ankalera azing'ono ake, tinkakonza ndi kholo kuti pakhale wamkulu woyandikana naye wodziwa kuti anawo ali okha, nambala yake ilembedwe pa firiji, ndipo mwanayo adziwe nthawi yoimbira 911, nambala ya pangozi. Panali nkhani zochepa zomwe tinazipereka ku boma, ndipo pa chilichonse mwa izo mlangizi anapitiriza kuimbira banjalo.

Ana ochokera ku giredi 5 anali asanaionepo sukulu yathu, popeza ulendo wodzaiona womwe umachitika mu May unalephereka. Ana a giredi 8 anawajambulira kanema wosonyeza makalasi, kodyera ndi katsegulidwe ka loko wa manambala wa pa kabati yosungiramo mabuku, chomwe ana atsopano amachiopa kuposa masamu. Namwino anaimbira makolo awo za katemera wa Tdap ndi wa matenda oumitsa khosi, omwe Indiana imafuna mwana asanalowe giredi 6, chifukwa mabanja ambiri anali atasiya kupita kusikelo ndi kuchipatala poopa kolona.

Pofika mu August

Mwezi wa August unali wovuta kuposa June. Madola 600 a pa sabata omwe ankawonjezeredwa kwa ochotsedwa ntchito anatha kumapeto kwa July, ndipo chiletso cha bwanamkubwa chotulutsa anthu m'nyumba chinatha pakati pa August. Lamulo lovala masiki m'chigawo chonse linayamba pa 27 July. Nthawi yomweyo makolo ankafunika kusankha ngati mwana aphunzire kunyumba kapena m'kalasi, pa fomu ya pa intaneti ya Chingerezi. Kholo losamalira okalamba linkaopa kuti mwana abweretsa matenda omwe lidzawatengera kuntchito, komanso silikanatha kumuyang'anira akuphunzira kunyumba. Sitinkasankhira munthu. Tinkafotokoza mbali zonse m'chilankhulo chake, n'kudzaza fomu limodzi pa foni.

Ambiri mwa ana omwe anasowa mu March tinawapeza ndipo analembetsa. Mabanja ena anali atasamukira kwa achibale, mabanja awiri m'nyumba imodzi. Lamulo la McKinney-Vento limawerengera ana otere m'gulu la osowa pokhala, ndipo limawalola kupitiriza pa sukulu yawo yakale, mayendedwe sukulu n'kupereka. Makolo ambiri sankadziwa zimenezi, ndipo ena sankafuna kutchedwa osowa pokhala, choncho tinkawafotokozera za basi ndi za malo a mwana, dzinalo n'kulisiya pa fomu.

Zolephera zinalipo. Omasulira a zilankhulo zina za ku Burma ndi za ku Guatemala anali ovuta kupeza, ndipo mabanja amenewo anamva zinthu mochedwa kuposa anzawo. Abambo tinalankhula nawo ochepa. Gulu lathu linatopa, chifukwa munthu womvetsera mavuto a mabanja tsiku lonse amapita nawo kunyumba, ndipo wina mwa ife anaferedwa m'kati mwa ntchitoyi. Ana angapo sitinawapeze mpaka sukulu inatsegulidwa. Mayina awo tinawapereka ku ofesi yoona za kujomba kuti ifufuze m'sukulu za m'madera ndi m'zigawo zoyandikana.

Ku likulu la zamaphunziro la m'dera lathu tapempha kuti manambala a foni ndi ma adiresi azikonzedwa teremu iliyonse, kuti ndalama za omasulira zikhale m'bajeti ya chaka chonse, ndiponso kuti mkhalapakati wa makolo ndi mlangizi mmodzi azilipidwa pa holide yaikulu chaka chilichonse, mliri ukhalepo kapena ayi. Za manambala avomera kale. Zinazo akuti aziona pokonza bajeti yotsatira.